Ntchito ya kwa Leza

Kondwelani mlongo wanga,

Kuno ku Ngabu tilipo, kaya iwe kutaliko. Uthenga wako ndinawawerengera mayi, omwe ali chigonerebe ndi matenda aja. Ndinawafotokozera kuti ukulimbana ndi makina otulutsa kuwala kowongoka otchedwa leza (laser) pa Chingerezi, kuti kuwala kwake, koyatsidwa ndi timagetsi ta dayodi, kukhale kwa mtundu umodzi, kosagwedera. Pepa kuti kutentha kukukusokonezerabe makinawo. Ukanayesera kuno ukanalira.

Koma mayi anangotolapo liwu limodzi. Aliyense wobwera kudzawazonda akumuuza kuti mwana wawo amagwira ntchito kwa Leza, Mulungu mwini wake. Ndatopa nako kuwakonza, ndangowasiya.

Phala akulandirako pang'ono, usadandaule. Kungoti dzulo anati ukapanda kupatsidwa tchuthi mwezi uno, apita okha kukakupemphera kwa abwana akowo.

Ndine mlongo wako,
Anita