Chingwe cha Foni ya Amayi

Katete,
Lachiwiri, 14 Okutobala.

Rachael mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo, iwe pamodzi ndi alamu anga a Ismail. Miyendo ija inasiya kutupa? Ukudya koma? Ndimakudziwa iwe, ukakhumudwa umanyanyala chakudya, ndipo pano sukudyera thupi lako lokha ayi.

Kuno tili bwino. A Moffat ali bwino, kupatula msana wawo wa masiku onse uja. Collins akukonzekera mayeso a giredi seveni, ngakhale buku amaligwira ngati likumuwotcha. Dzuwa la chaka chino lanyanya, zitsime za kuno zayamba kutulutsa matope.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala ngati tili m'masiku akale. Ndayesa katatu kukuyimbira kuti ndinene zimenezi, koma ukangoyankha ndimapezeka ndikukamba za mtengo wa tomato. Pakamwa panga umapadziwa, pamathamanga pa nkhani za eni, pa zanga pamatsimphina. Kalatayi ndapatsira mlamu wako Salman, amene akubwera ku Solwezi Loweruka kudzaona akulu ake. Werenga mpaka pomaliza, undikwiyire utamaliza.

Nkhani ndi ya amayi, ndi foni ija unawatumizira mu Epulo.

Mu Ogasiti unandiuza kuti watopa. Miyezi inayi ukuyimba Lamlungu lililonse, foni yozimitsa. Unati wamvetsa tsopano, amayi sanakukhululukire chikwatiwire kwa Msilamu, ndipo mawu aja anayankhula tsiku la ukwati wako anachokera pansi pa mtima. Unatseka nambala yawo, n'kulumbira kuti mwana akabadwa sadzaponda ku Vubwi. Ine ndinangoti pepa, akuluakulu ndi choncho.

Rachael, pepa ameneyo anali wabodza. Amayi sanakukane. Wolakwa ndine.

Katoni ija anailandira pa basi ndi Salman, n'kundipatsa kuti ndikapereke kumudzi. Munali foni, chingwe choyera chonenepa, ndi chaja cha m'galimoto cha mabowo awiri. Unalemba kuti popeza kumudzi kulibe magetsi, a Moffat aziwatchajira mu lole akamapita kukagula soya ndi nsawa.

Masiku amenewo chingwe changa chinali chomangamanga ndi selotepi, ndipo makasitomala anga a zovala za salaula ankandisowa pa foni ndikakhala m'minibasi kupita ku Chipata kukatenga mabelo. Ndinati ndiyeseko chingwe chako, kungoyesa chabe. Mayi wanga ine, moto unkalowa ngati madzi a pampopi. Mtima unandinong'oneza kuti munthu wa kumudzi chingwe chothamanga achitenji, akuthamangira kuti? Ndinasunga chingwe ndi chaja chomwe. Pamsika ndinagula kachingwe kowonda ndi kachaja kopepuka ngati khoko la nsawa, ndipo ndi zimene ndinakapereka kwa amayi, ndikumwetulira, ndikuti Rachael watumiza.

Tsono apa pali zoseketsa, ngati ungathe kuseka.

Ukudziwa kuti amayi ndi a Moffat sanayang'anizanepo m'maso, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Kuno ku Katete ambiri anasiya zimenezo, mpongozi ndi mkamwini amakwera njinga imodzi, koma amayi ako aja ayi. Lole ikangomveka, amakulunga foni m'kansalu, kukulunga katatu, n'kuiika pa lichero kumapeto kwa khonde. Eni ake amazungulira kuseri kwa nkhokwe.

A Moffat amabwera chowerama, kutenga kamtoloko ndi manja awiri. Kumasula sangayerekeze. Amati chimene amanga apongozi mkamwini samasula, nanga akaona zosayenera kuona? Amangofufuza ndi chala pamene pali kabowo, kulowetsa chingwe, n'kuika kamtoloko pa dashibodi, pomwe dzuwa likumenya pagalasi. Pampando anati ayi, pamakhala anthu, si malo oika katundu wa apongozi. Akatero amazimitsa injini, kuzula kiyi, n'kupita kukayeza matumba maola awiri.

Akabwera amabwezera kamtolo pa lichero, n'kuuza nkhokwe kuti foni yadzaza. Nkhokwe imayankha kuti zikomo atate ake Collins, Mulungu akudalitseni. Lole ikachoka amayi amamasula, n'kupeza kamoto kofiira kamene sikangathe ngakhale moni. Koma adandaule bwanji kwa mkamwini amene akuwachitira chifundo? Anangoganiza kuti mafoni amakono ndi mmene alili. Zinayenda choncho miyezi isanu ndi umodzi, wina akuthokoza, wina akuti musathokoze, foni ili gone.

Ine kumudzi sindinapiteko chiperekere katoniyo. Iwe ukamadandaula ndinkafunsa a Moffat, iwo n'kuti amatchaja sabata iliyonse osaphonya. Mtima unkandiuza kuti vuto ndi kachingwe kanga kaja, koma ndinkaupondereza.

Ndinene zonse, popeza ndayamba. Zinkandikomera pang'ono, Rachael. Kuyambira tili ana iwe ndiwe unali wa kumtima kwa amayi, ine wotumidwa kuchigayo. Mutadana, kwa nthawi yoyamba ndinakhala mwana wabwino ndekha. Ndikulemba izi manyazi akundiwotcha kumaso, koma ndi zoona.

Chinandigwira ndi galasi la foni yanga. Linasweka masabata awiri apitawo, ndiye ndinapita nalo ku kashopu ka Salman kuseri kwa msika. Atamaliza kukonza anapempha chingwe choyesera, ine n'kutulutsa m'chikwama osaganiza. Kodi ndinkadziwa kuti mnyamatayu chilichonse chimene wayesa amachimata katepi kobiriwira? Katoni yako anaiyesa yonse asanandipatse. Anatembenuza chingwe chija, n'kuona katepi kake, n'kundiyang'ana.

"Alamu, ndiye amayi akutchajira chiyani?"

Ndinafuna kunama, bodza osabwera. Ndinakhala pa benchi n'kumuuza zonse, makasitomala ena akumva. Iye sananditukwane, sanandilalikirenso. Anangofunsa kuti a Moffat apita liti ku Vubwi, ndipo nditati Lachiwiri, anati atseka shopu tipite tonse.

A Moffat ndinawauza tsiku lomwelo.

Lachiwiri tinanyamuka m'mamawa, nditatenga chingwe chako chija ndi chaja chake. Tisanafike n'ku Chadiza komwe, Salman anali atapeza kale vuto lachiwiri. Anaimitsa lole, n'kuuza a Moffat kuti azule kiyi. Kanyali ka pa chaja kanazima pompo. Anawafotokozera kuti lole yawoyi ukazula kiyi kabowo ka chaja sikatulutsa moto ngakhale pang'ono, choncho maola awiri aja foni inkangowotha dzuwa. Moto wokha umene inkalandira ndi wa pamene ankatembenuza lole pabwalo. A Moffat anagwira pakamwa. Anati ndiye kuti miyezi yonseyi akhala akunamiza apongozi, n'kulandira madalitso aulere.

Titafika tinapeza lichero lili kale pakhonde. Kamtolo ndinamasula ndine, popeza ndine mwana. Salman anasongola kamtengo ka machesi n'kuyamba kutokosa kabowo ka foni. Zimene zinatulukamo! Fumbi, ulusi wa nsalu, ndi tizikhoko ta nsawa. Anati ngakhale chingwe chabwino sichikanafika mkati bwinobwino.

Kenako anatiphunzitsa, akukweza mawu kuti a kuseri kwa nkhokwe amve nawo. Anati chingwe chikhale chonenepa chija, chifukwa chowonda chimadontheza moto. Pa chaja, tilowetse pa bowo lofiirira mkati, ndilo lamphamvu. Injini ikhale ikulira. Foni izimitsidwe kaye, isamadye uku ikulandira. Koma chachikulu, anati, isafundidwe nsalu ndipo isakhale padzuwa, chifukwa foni ikatentha imakana moto ngati mwana wa malungo akakana phala. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola, kenako mawu akuti nsaluyo inali yoti isazizidwe.

A Moffat ndi Salman anatenga foni ili yosavala, n'kuiika m'kabokosi ka kutsogolo komwe kuli mthunzi, n'kupita kukanyamula matumba kumudzi wina kutsidya kwa dambo. Ine ndinatsala ndi amayi.

Ndinawapeza akusenda nsawa. Ndinagwada n'kunena zonse monga ndakuuzira iwe, osasiyako ndi za nsanje zomwe. Manja awo anapitiriza kusenda, osandiyang'ana. Ndinkadikira kuti andilalatire. Patapita nthawi anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Ndiye kuti mwana wanga wakhala akundiyimbira?"

Ndinati Lamlungu lililonse, miyezi inayi, mpaka anatopa n'kutseka nambala. Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinawamva akumina kangapo. Atatuluka ndi pamene anandipatsa zanga. Anati ndine mbava kuyambira pa shuga wa m'chitini, ndipo akanakhala ndi mphamvu akanathyola kamtengo. Atatha kunena anandipatsa mbatata yootcha, ndiye ndinadziwa kuti mlandu wanga kwa iwo watha.

Lole inabwera ola lisanakwane. Salman anayatsa foni, n'kutionetsa moto uli pa 78. Amayi anaiwala mwambo, anatuluka n'kudzasuzumira, a Moffat n'kuthawira kuseri kwa lole ngati aona njuchi.

M'foni muja ndinapezamo zimene zandilembetsa kalatayi. Netiweki kumudzi imagwira pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi basi. Amayi ndi bondo lawo lija akhala akukwera chulucho sabata iliyonse lole ikangochoka, koma ambiri mwa masikuwo foni inkazima asanapeze ndi dzina lako lomwe. Mu Sepitembala mphunzitsi wina wa pasukulu anawaonetsa kutumiza mawu, poti n'kofulumira kuposa kuyimba. Apo n'kuti iwe utatseka kale. Muli mauthenga asanu ndi awiri, onse afupiafupi, onse ali ndi kachongi kamodzi. Sanakufike, ndipo Salman akuti sadzakufikanso ngakhale utsegule lero.

Ndinawamvera onse. Ena akukuuza kuti usamanyamule ndowa, uchepetse mchere, usamagone chagada. Wina akungofunsa ngati uli ndi munthu wodzakusambitsira mwana. Womaliza ndinaumvera katatu, ndipo ndikulembera monga ulili:

"Rachael, ndine mai wako. Zija ndinanena pa ukwati anali mantha, ndinkaona ngati akundilanda mwana. Ndinazilavula kalekale. Moto ukutha, ndiyankhe."

Ndinalira ngati pamaliro. Salman anapita kukayang'ana matayala a lole amene analibe vuto.

Tisananyamuke amayi anamuyalira mphasa Salman, n'kumufunsa mafunso ambiri. Ankafuna kudziwa chimene chimaloledwa kulowa m'nyumba ya akulu ake ndi chimene sichiloledwa, ndiponso ngati mayi wa ku Reformed angagone m'nyumba ya Chisilamu osalakwira eni ake. Salman anaseka n'kuti mayi ndi mayi, a Ismail angasangalale. Ine sindinadziwe kuti mafunsowo akupita kuti.

Ndadziwa Lachisanu lapitali, a Moffat atadutsanso kumudzi asanapite kukatsitsa soya ku Sinda. Akuti amayi agula poto watsopano ndi mthiko watsopano, zoti sizinakhudzepo nkhumba, kuti adzakuphikire phala ukachira. Asankha nkhuku ziwiri zazikazi, ndipo akana kuti ziphedwe kuno. Akuti zipita zamoyo m'dengu, a Ismail akazinge okha monga mwa chipembedzo chawo. Chikwama chamangidwa kale, chili pamutu pa bedi. Atumiza uthenga woti ndiwafunsire za basi ya ku Lusaka ndi ya ku Solwezi, munthu amene Chipata yomwe amaiopa.

Koma akuti sakwera. Akuti m'nyumba ya mkamwini munthu salowa osaitanidwa, ndipo mwana wawo sanawayankhe.

Ndiye tsiku lililonse ikakwana 15 koloko masana amakwera chulu chija, foni ili ndi moto poti amaiyatsa pomwepo basi, n'kukhala pansi mpaka dzuwa litapendeka. Anthu opita kumjigo ayamba kuwafunsa ngati akulondera chiswe.

Mng'ono wanga, mkwiyo wako ndi woyenera, koma unagwera munthu wolakwika. Ubweretse kwa ine. Unditukwane, unditseke chaka chathunthu ngati ukufuna, ndidzapirira, chibale ndi fupa sichiola. Koma mwezi wamawa suli kutali, ndipo sindikufuna kuti udzalowe m'chipatala ukuganiza kuti ulibe mayi. Tsegula nambala ija. Kalatayi ikufika Loweruka, ndipo Lamlungu 15 koloko amayi adzakhala pamwamba paja foni ili m'manja. Sindinawalonjeze kanthu. Ndangowauza pa foni kuti ndikukulembera, iwo n'kuti nkhuku aziwonjezera gaga, zisakafike zowonda kwa eni ake.

Undiperekere moni kwa a Ismail, ndipo uwauze kuti mng'ono wawo analeredwa bwino. Moni kwa apongozi ako ndi onse a pakhomo. A Moffat ndi Collins akupereka moni. Mulungu amene tonse timamupempha akusunge iwe ndi amene wanyamulayo, akupatse kuchira kopepuka.

Ndine mkulu wako wokulakwira,
Dorcas, amake Collins.