Ufa Wachikasu Uja

Nkhudzi,
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Husseni,

Assalam alaikum. Muli bwanji kumeneko ku Chowe, inu ndi alamu ndi ana? Nanga ababa ndi amayi? Ine ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti kutentha kuno kwanyanya. Ndasankha kulemba kalata chifukwa nkhani iyi pa foni mukanandidula ndi kuseka ndisanamalize.

Ntchito ya nkhuku za nyama ikuyenda, ndipo maloji a ku Chembe akutenga Lachinayi lililonse. Koma za imfa ya a Uladi, bambo aja anandiphunzitsa ntchito nditangofika, sindinakufotokozereni bwinobwino.

Waya wa khola unawakanda pachidendene. Kachilonda kake kanali kosafika ndi njere ya chimanga. Iwo anangothirapo ufa wachikasu, antibayotiki amene tinkasungunulira nkhuku m'madzi tsiku ndi tsiku, zidwale zisadwale. Anali atauzolowera. Chimfine, ankamwa womwewo. M'mimba, womwewo. Zaka zisanu ndi zitatu akuuvundula ndi manja. Mwendo utatupa anawatengera kuchipatala ku boma, kumene madokotala anasintha mankhwala kanayi, koma chilonda chinkangodya mnofu. Madokotalawo anauza akazi a bambo Uladi kuti tizilombo ta m'chilondamo tinazolowera mankhwala, sitikumvanso kanthu. A Uladi anamwalira mu Ogasiti. Abambo amene anasambitsa thupi anati chikasu cha m'zikhadabo chinakana kuchoka.

Maliro atatha, abwana anaitana a Harold, alangizi a ziweto. Iwo anatolera mapaketi onse achikasu n'kutisiyira ufa wina woyera wotchedwa pulobayotiki. Akuti si mankhwala ayi, ndi tizilombo tamoyo tabwino, tonga timene timasasitsa chambiko. Tikalowa m'matumbo a mwanapiye timadzaza monsemo, toipa n'kusowa pokhala. Anatichenjeza kuti ufawu suchiza nkhuku yodwala kale, katemera wa chitopa tisamusiye, mankhusu apansi azikhala ouma, ndipo madzi othira kulorini amapha tizilomboto. Ndinkakayika. Koma anapiye mazana asanu afika milungu isanu, tataya asanu ndi awiri okha, ndipo fungo la m'khola lachepa.

Tsono imvani chimene chandisowetsa mtendere.

Mukudziwa kuti nkhuku zikadzaza khola, munthu akamayendamo zimapatuka n'kumusiyira njira, kenako zimabwereranso m'mbuyo mwake. Lachisanu lapitalo masana, amuna onse atapita ku mzikiti, ndinali ndekha m'khola lachiwiri ndikudzaza zomwera. Nkhuku zinali wefuwefu ndi kutentha. Mwadzidzidzi zonse zinati zii. Nditakweza maso ndinaona za kukhomo zikupatuka. Chitseko chinali chotseka. Njira inatseguka pakati pawo, ikubwera pang'onopang'ono, kuima, kusunthanso, kuima, ngati munthu wokoka mwendo. Inakhotera kukona kumene kuli shelefu imene tinkaikapo ufa wachikasu. Inaima pamenepo nthawi yaitali, kenako inabwerera kukhomo, nkhuku n'kuyambanso kudya.

Achimwene, anapiye amenewa anabwera a Uladi ataikidwa kale. Sanawaonepo.

Ndinauza Esime, mnzanga wa m'khola loyamba. Sanaseke. Anati iye anaziona kawiri mwezi watha, koma ankaopa kutchedwa wamisala. A Harold anati mwina ndi mphepo yolowa pansi pa chitseko, kapena chithunzithunzi cha kabawi, poti nkhuku sizichedwa kudzidzimuka. Kholalo lili ndi malata, kabawi aoneka bwanji? Ndipo tsiku limenelo ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Abwana anaitanitsa ashehe, amene anawerenga pemphero la duwa n'kutiuza kuti wakufa ali m'manja mwa Mulungu, sabwerera kudzayendera nkhuku. Ndikuwakhulupirira. Koma maso anga ndikuwakhulupiriranso.

Dzana zinachitikanso, dzuwa lili paliwombo. Ulendo uno njira ija itachoka pashelefu sinabwerere kukhomo. Inalunjika kwa ine. Inaima patsogolo panga, pamtunda woti mukanatambasula mkono n'kugwira munthu. Nkhuku zonse zinakweza mitu, osati kuyang'ana ine, koma pamwamba pang'ono, pamene pakanakhala nkhope ya munthu wamtali. Ndinalephera ngakhale kunena Bismillah. Chidebe chinandipulumuka, madzi n'kukhuthukira m'mankhusu.

Ndili chiimire choncho ndinakumbukira chinthu. A Harold atatolera mapaketi anafunsa ngati alipo ena, ine ndinati ayi. Ndinanama. Alipo atatu amene a Uladi anandipatsa mu Epulo, amene ndinakutumizirani kuti muzimwetsa nkhuku za amayi. Ndipo sabata yatha alamu anandiuza pa foni, akusangalala, kuti ababa anadzitema ndi khasu pamsongolo, ndipo mukuwathira ufa womwewo m'mawa ndi madzulo, wina n'kuwasungunulira mu tiyi. Anati chilonda sichinatseke, koma ababa akuti chikupola cha m'kati. A Uladi ankanenanso chimodzimodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, atengereni ababa kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mutenge mapaketiwo mukawaonetse adokotala, muwauze masiku onse amene akhala akumwa. Musabise monga ndinabisira ine. Akakana, auzeni kuti Farida walira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Za nkhuku za amayi musade nkhawa, ndidzabwera nawo ufa woyerawu pakutha pa mwezi, ndidzakuonetsani kasungunulidwe kake.

Ine za mapaketiwo ndaulula kale kwa a Harold. Mawa ndilowanso m'khola lachiwiri, poti nkhuku sizingagone ndi ludzu chifukwa cha mantha anga. Esime wavomera kuti tizilowa awiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za m'kholazi musawawerengere. Moni kwa alamu a Zakia, azakhali a Mwanabibi, amalume ku Namwera, ndi ana onse. Ababa muwagwire dzanja m'malo mwanga, ndipo muwayang'ane m'zikhadabo.

Ndine mlongo wanu,
Farida