Nyumba ya Malemu Kassim

Kwa mayi Asiya,
Pafupi ndi Nguludi,
Chiradzulu.
15 Ogasiti 2024

Okondedwa alamu anga a Funsani,

Za pogona musade nazo nkhawa, ndikugona m'nyumba. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa a Abbas, adalaivala a lole ya nandolo aja, atandipeza pamsewu dzulo anati munawatuma mafunso awiri: kuti ndikugona kuti, ndiponso kuti mlongo wanu Selestina ali bwanji. Dzulolo ndinangowauza kuti adzere mawa, adzatenge kalata. Ndiye ndiyankhe loyambalo kaye. Funso lachiwirilo ndifikako.

Mukudziwa kuti ine kulemba sinditha. Akulemba ndi achemwali a Bushra, mwana wa eni nyumba, ndipo ndawauza kuti azilemba mmene ndikuyankhuliramu, asakonze. Foni yanga kuno yangokhala mwala, layini ya kwathu inathera pa Muloza. Iwo anati andibwereke yawo ndikuimbireni, ine ndakana. Mawu anu m'khutu sindingawathe lero.

Tsiku lija tinayenda bwino. Pa boda tinadzera kumunsi kumtsinje monga amachitira anthu onse, Selestina ndinamubereka powoloka chifukwa miyendo ija inali itatupa mpaka m'mawondo. Minibasi ya ku Limbe inatitsitsa pa mphambano ya Nguludi. Kuchipatala anatilandira bwino, zimenezo ndisaname, anamugoneka mu wodi ya azimayi nthawi yomweyo. Vuto linatsala ndi ine. Wodi ya azimayi mwamuna sagonamo. Ku chitando cha magadiyani kunali kodzaza azimayi ndi mapoto awo, poponda panalibe, ndiye ndinaima pakhomo, ndinabwerera. Ndinafunsa chipinda ku resiti ina pamsika. Mayi wa pamenepo nditamutulutsira metikali, ndalama zathu zija, anaseka, akuti izi muzikagulira usipa kwanu. Basi ndinakagona pakhonde la sitolo, pamakatoni. Kunali chiperoni. Mlonda ankandidzutsa ndi phazi, n'kufunsa kuti ndine wakuti, ndipo ndikangotsegula pakamwa lilime limandiulula. Ndinaphunzira kusayankhula zambiri.

Amene anandipulumutsa ndi a Lackson, bambo wa kabaza. Anandipeza ndikuwothera dzuwa pa mpanda wa chipatala, anati, "Achimwene, tsaya limeneli lagona pa simenti. Kwanu n'kuti?" Ndinanena motsitsa kuti ku Milanje, mbali ya Mozambiki. Iwo kuseka mpaka njinga kugwa. Akuti, "Ndiye mukunong'onezeranji? Agogo athu anachokera konko wapansi, atasenza mphasa pamutu. Theka la mudzi wathu ndi anthu a kwanu oiwala njira yobwerera." Anayesa kundipatsa moni wa Chilomwe, koma Chilomwe chawo, alamu, n'cha zigambazigamba. Nditawayankha bwinobwino anati basi basi, mwandithera mawu, kwerani.

Ananditengera kwa aneba awo, mayi Asiya. Ndi Asilamu, amasiye, amaweta mbuzi. Kuseri kwa nyumba yawo kuli nyumba ina ya njerwa zowotcha, yamalata, koma mazenera ndi otseka ndi masaka. Anamangitsa ndi mwana wawo Kassim ali ku Joni, amatumiza pang'onopang'ono. Iyeyo anamwalira mwezi watha konko, anamuika konko, mayi ake ngakhale manda sanawaone. M'nyumbamo sanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Matiresi ake akadali mu pulasitiki, atatsamira khoma. Ine ndimayala mphasa pambali pake. Anandiuza kuti ndigonerepo, koma sindingathe.

Nditafunsa mtengo, mayiwo anati nditambasule dzanja. Anayang'ana zimene zinalimo, anatolapo ya sopo yokha, zotsalazo anandipindira zala. Anati mowa pakhomo pano ayi, nkhumba ayi, ndipo tsiku la sadaka ya mwana wawo likayandikira nyumba ndiipereke kwa abale obwera kudzapemphera. Ndinavomera zonse. Ndinaima ndikudikira kuti mwina pali china, chifukwa zinali zotsika mtengo mopitirira. Iwo anati, "Mwana wanga atafika ku Joni anagona pansi pa mlatho. Munthu wina, kaya ndi wa mtundu wanji, anamutsegulira kachipinda kuseri kwa sitolo. Dzina lake sindilidziwa, ndiye sindingamuthokoze. Lowani."

Ndiye ndi mmene ndinapezera pogona. Ndimawatungira madzi ku mjigo, ndawamangiranso khola la mbuzi limene linapendeka. M'mawa uliwonse iwo amaphika phala la nsinjiro, kuthira m'bakuli, kumanga pa nsalu, n'kundipatsa kuti ndikapatse odwala. Selestina sanawaonepo mayiwa, koma phala lawo analikonda. Ankati ndi lomwe likutsika, ndipo ankandiseka kuti langa lija limakhala ngati lomatira njerwa.

Funso loyamba ndayankha. Kaya ndaiwalapo chiyani. Madzi sali kutali. Udzudzu ndi wochepa.

Achemwali, apa yambani mzere wina.

Alamu, Selestina anatisiya Lolemba masana.

Madokotala anayesetsa, madzi aja m'mimba amawachotsa koma amabwereranso. Tsikulo phala anamwa masupuni ochepa. Anati, "Nandolo uja mukachedwa athetheka yekha m'munda." Ndinati alamu akolola. Kenako anati ndimutembenuze, msana watopa. Ndinamutembenuza. Ndinatuluka kukatsuka bakuli pa mpopi, pobwera ndinapeza anesi akoka katani. Basi. Mawu ena sanasiye. Ndakhala ndikufufuza m'mutu kuti mwina ananena china chimene ndingakupatseni, koma ndi nandoloyo ndi msanawo.

Kuno ali ndi mwambo wabwino. Munthu akamwalira mu wodi, azimayi a ku chitando onse amasiya mapoto, n'kumuperekeza ku mochale akuimba, ngakhale sakumudziwa. Anamufunditsa nsalu yake, kapulana ija ya nthenga za nkhanga, imene munamugulira ku Mocuba pa ubatizo wa mwana wathu Marita. Ine ndinkayenda pambuyo, bakuli kumanja. Misozi sinabwere. Mpaka pano sinabwere, kaya ili kuti. Pakhomo la mochale anandipatsa kapulanayo atapinda bwinobwino, ndinaiika m'malaya.

Ndinapita kukafunsa galimoto yoti itifikitse kwathu. Mwini wake atatchula mtengo ndinangoyang'ana matayala. Anatinso pa boda pafunika mapepala. Wamoyo ndinamuwolotsa pamsana, alamu, koma wakufa akuti amayenda ndi mapepala, ndipo ife tinalowa opanda kalikonse.

Nditafika kunyumba mayi Asiya anafunsa monga mwa masiku onse kuti odwala aswera bwanji. Ndinati ali bwinoko. Sindinakonzekere kunena zimenezo, zinangotuluka. Mwina ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti nyumbayi anandipatsa chifukwa ndikudwazika, ndiye wodwala kulibe, ine ndikhaliranji? Ndinkaganizanso kuti pakhomo pali kale maliro awo osatha, ine mlendo wa dziko lina, wa mpingo wina, ndiwabweretsere ena? Mwinanso sindinkaganiza chilichonse. Achemwali akundiyang'ana. Lembani momwemo, sindikudziwa.

M'mawa mwake anandipatsa bakuli, ndinalandira ndi manja awiri. Ndinayenda njira ya kuchipatala, koma pageti sindinalowe. Ndinakakhala pansi pa bulugama m'mbali mwa msewu, bakuli pamiyendo, mpaka linazizira. Phalalo ndinapatsa bambo wina amene ankadikira minibasi. Ndinatsuka bakuli, ndinabwerera, ndinati odwala athokoza. Dzulo chimodzimodzi, koma ndinamwa ndekha. Kaya munali shuga kaya munalibe. Ndi pamtengo pomwepo pamene a Abbas anandipeza ndi mafunso anu.

Lero m'mawa ndinachapa kapulana ija n'kuyanika pa chingwe. Sindinaganize kanthu, ndinangoona kuti yada. Akazi awo a Lackson, mayi Dainess, anabwera kudzabwereka sefa. Iwowa amagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala, ndipo Lolemba lija anasiya dengu lawo n'kuperekeza nawo maliro, osadziwa kuti ndi a ndani. Ine sanandione chifukwa ndinali pambuyo. Koma nsaluyo anaiona, ndipo ya mtundu umenewo kuno kulibe. Ndinawamva ndili kukhola akufunsa, "Mayi, chitenje ichi n'cha ndani?" Kenako mawu anatsika.

Mayi Asiya anabwera kukholako akupukuta manja. Anati, "Bambo Rafaeli, phala langa amamwa ndani?"

Ndinangogwira chingwe cha mbuzi.

Anati, "Mumati ndikuthamangitsani?"

Ndinagwedeza mutu kuti eya.

Anakhala pansi pomwepo, pa ndowe za mbuzi, munthu wamkulu. Anati, "Ife kwathu munthu akamwalira m'mawa, dzuwa silimulowera ali kunja. Inu mwamusiya mwana wa eni ake m'chisanu muja yekhayekha, wosamusambitsa, wopanda womulira, ine kuno ndili kalikiliki kusinja nsinjiro. Bodzalo ndilibe nalo kanthu. Koma masiku amenewa mwamulanda." Atatero anayamba kulira. Mayi Dainess analandira, azimayi a nyumba zina anabwera akuthamanga. Panopa pamene tikulembapa akulira panja, anthu oti nkhope ya Selestina sanaionepo. Ena akutchula Kassim. Ine ndangokhala pa mpando. Ndikumva ngati maliro ndi a kumudzi wina.

Atatonthola pang'ono mayiwo anati, "Nyumba iyi maliro a mwini wake sinawatulutse. Itulutsa a mkazi wanu." Atulutsa katundu wa Kassim, ayala mphasa m'chipinda chachikulu. Mayi Dainess apita kukauza a mphakati wa tchalitchi kuti adzaimbe ndi kupemphera mwa Chikatolika, ndipo mayi Asiya ati aimbe, khoma silimva kuwawa. Za bokosi akuti azibambo asonkhana madzulo, kuli kalipentala amene ali ndi matabwa a bulugama. Chatsala ndi manda. Manda a kwa mayi Asiya ndi a Asilamu, Selestina sangagone kumeneko. A Lackson atenga njinga kupita kwa akuluakulu a mbumba yawo kukafunsa ngati mlendo angapatsidwe malo. Sanabwere. Akakana, kaya.

Alamu, ine ndine mkamwini chabe, mwini mbumba ndinu. Ndikudziwa kuti Selestina malo ake ndi pambali pa amayi, kumanda a kwanu. Ndinamutenga pakhomo panu akuyankhula, ndinati tibwera nandolo asanaume. Ndalephera kumubweza. Ngati inu muli ndi njira yomutengera kwathu, mawu ndi anu, ine ndingotsatira. Koma ku mochale sangamusunge mpaka kale. A Abbas abwereranso kuno Loweruka m'mawa ndi lole, ndapempha kuti akusiyireni malo kutsogolo. Chonde bwerani. Musachite ngati mayi Asiya, amene akafuna kulira mwana wawo sadziwa kuti ayang'ane mbali iti. Bwerani mudzaone pamene tamuika, kuti tsiku lina mudzathe kulozera ana. Pogona musadere nkhawa, m'nyumba muno malo alipo mpaka sabata ya mawa.

Mundiperekere moni kwa apongozi aamuna. Muwauze inuyo, pang'onopang'ono, atadya kale. Moni kwa akazi anu, ndithokozereni posunga ana. Zeka musamuuze ali panjira kapena ali ndi anzake, mumuitanire m'nyumba. Marita akafunsa kuti amayi abwera liti, kaya mumuuza chiyani, ine ndaganiza ndalephera. Kapulana ija ndamusungira. Nkhuku ya mawanga imene Selestina ankati ndi ya Khirisimasi musaiphe pa maliro, isiyeni iikire. Nandolo mukolole msanga, ananena yekha.

Nthawi zonse pothera pa uthenga ndimati Selestina akupereka moni. Ndangotsala pang'ono kunena. Achemwali, musalembe zimenezo. Kapena lembani, mwalemba kale.

Ine mlamu wanu,
Rafaeli

Achemwali, musapinde kaye kalatayi. A Lackson afika, thukuta lokhalokha, njinga aigwetsa pakhomo. Akuti ndiwonjezere mawu awo, achemwali alembe mmene akuneneramu:

"Auzeni alamu anuwo kuti malo apezeka, akuluakulu sanavute. Makasu asanyamule, tili nawo. Tikumba pambali pa mayi anga. Mayi anga anali olongolola, achimwene, ndipo Chilomwe ankachitha chenicheni, osati changa chija. Mkazi wanu sakasungulumwa."