Nkhokwe ya Bambo

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Sabata yachitatu Bambo osandiyankhula. Mlandu wake ndi nkhokwe. Inaima zaka zinayi yopanda ngakhale chitsononkho, chimanga tikusunga m'matumba kuopa akuba. Ndiye a kumudzi wachionetsero uja wa kufupi ndi Boma ataipempha, ndinangoti tengani. Bambo anali m'chipatala ndi dzanja lawo lodwala lija. Sindinawafunse. Ndinkaona ngati ndikukonza pabwalo.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Pilira waimba foni. Akuti ndipite ndi Bambo akaione nkhokweyo, mwina mtima ungatsike. Mlongo wangayu nzeru sizimuthera, makamaka za zoti achite ena.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndafika kumudzi ku Kaphuka kudzawatenga. Ayankha kudzera mwa Pilira, ine ndili pompo: "Umuuze ndamva."

Loweruka, 17 Ogasiti

Mphepo. M'minibasi tonse duu mpaka kutsika.

Malowo ndi osesa kuposa mudzi uliwonse umene ndinauonapo. Nyumba zozungulira zaudzu, mtondo woti sunasinjidwemo, mayi wina akuumba mphika alendo awiri akumujambula. Wotiyendetsa, mtsikana dzina lake Jenifa, zonse analoweza ngati katekisimu. Bambo ankangotsata m'mbuyo, dzanja lodwala lili m'thumba.

Nkhokwe tinaipeza kumapeto. Aifolera bwino, aikapo ndi chikwangwani. Kungoti aikhazika padothi penipeni, popanda miyala kapena mphanda pansi, ati ana asukulu asamavutike kusuzumiramo. Ine sindinaone cholakwika. Jenifa anayamba kufotokoza momwe makolo athu ankalukira nsungwi, osadziwa kuti kholo lake lili pambali pake.

Bambo anagwada movutikira n'kukanda m'munsi ndi chala. Chiswe chinali chitamata kale njira zake.

"Mwana wanga, nkhokwe sigona pansi," anatero kwa Jenifa. "Pofika dzinja mudzasesa fumbi pano."

Jenifa anati akawauza abwana Lolemba. Bambo anatembenukira kwa ine, ndipo ndisaname, ndinachita mantha.

"Dennis, vula jeketeyo. Kafune miyala isanu ndi umodzi, yafulati. Ine ndi dzanja ili sindingathe."

Ndinakaifuna kuseri kwa mpanda, nsapato za kuntchito zili kuphazi. Iwiri yoyamba anaikana.