Nkhuku ya mwini magazi

Embangweni,
Mzimba.

Okondedwa asebele anga, a Chimtengo,

Ndine Bestone Zgambo, bambo wa mkamwini wanu Lyford. Zaka zanga akuti ndi 78. Sukulu sindinapiteko, ndiye akundigwirira cholembera ndi mwana wanga Kezia. Chichewa changa ndi cha ku Mzimba, muzimva pomwepo.

Kaya mwadzuka bwanji ku Ntchisiko pamodzi ndi amayi? Kuno tili bwino, mawondo okha. Chimanga chamasula, ng'ombe zakhuta.

Ndamva kuti mphekesera yafika kwanu yoti tinamutulutsa mwana wanu Scholastica m'nyumba mwa mwamuna wake, ndipo mukukonzeka kudzamutenga. Khalani pansi kaye, ndifotokoze pang'onopang'ono.

Atabadwa mdzukulu wathu uja, mwana wanu anataya magazi ambiri, m'manja mwake mpaka kuyera. Anamwino anati amuthira magazi amene ali nawo, koma abale tipereke athu. Anyamata a pamudzi anali atadzaza pakhonde pa chipatala. Atamva zimenezo, wina anati akupita kokodza, sanabwerenso. Wina anati ndi nyengo yopalira, khasu likamulemera. Wina ananong'ona za anamapopa.

Ine ndinapinda malaya. Namwino wake, mayi wa ku Zomba, anaseka, nati anga ndi okalamba, ndiwasunge ndiziyendera kutchalitchi. Mbwenu Lyford ndiye anagona pabedi n'kupereka magazi, natuluka akumwa fanta. Mawa lake Scholastica anakhala tsonga, napempha phala.

Mlandu unabuka kumudzi. Mlongo wanga Elube, amene ana amati ankhazi, anati magazi a Lyford akuyenda m'thupi mwa mkaziyo, tsono awiriwa asanduka munthu ndi mlongo wake, sangagonenso nyumba imodzi. Ananyamula mphasa ya Scholastica kupita nayo kwa apongozi ake aakazi. Scholastica anangotsatira, mumamudziwa ulemu wake, koma ankadya pang'ono. Lyford ankangozungulira khola ngati wataya ng'ombe.

Ine sindinavomere, sindinakanenso. Nkhani imene makolo sanaisiye sumaidula uli pampando. Ndinakwera kabaza kubwerera kwa namwino uja, ndinavula chipewa, n'kumufunsa.

Iye anati magazi ali ndi mitundu ngati mbewu, ndipo a Lyford si mtundu wa mkazi wake. Magazi a Lyford anangowaika m'nkhokwe ya chipatala, atawayeza, kudikira wodwala wina. Amene Scholastica analandira anapereka munthu wina kalekale, dzina satchula. Anawonjeza kuti magazi othira sasintha mtundu wa munthu, thupi limapanga ake atsopano.

Ndinakafotokoza zonsezi kunyumba. Elube anati, "Ndiye mwana wa eni watipatsa moyo, ife osamupatsa ngakhale yewo?"

Madzulo omwewo anabweza yekha mphasa ija. M'mawa anagwira nkhuku yake yathadzi, namanga miyendo, nati ndikapereke kwa mwini magazi, pakuti kwathu kuno sitithokoza chimanjamanja. Ndinamuuza kuti munthuyo sadziwika. Anati ndikafunsitse. Ndinapita nayo, ndinabwera nayo.

Nkhukuyo ilipo. Palibe woyerekeza kuipha, ana amaitcha ya mwini magazi. Yaswa kale anapiye.

Tsono tinagwirizana kuti poti mwiniyo sitimupeza, tithokoze mmene iye anachitira. Galimoto yotenga magazi itabwera kusukulu, anyamata othawa aja Elube anawatsogolera yekha, ndodo m'manja. Onse akulima bwinobwino, khasu silinalemere aliyense.

Pempho langa ndi ili, asebele. Mwana wanu musamutenge, ali m'nyumba mwake, wanenepa chomene. Bwerani ngati alendo mudzaone mdzukulu. Ndipo galimoto imeneyo ikafika kwanuko, tumizaniko anyamata anu, chifukwa ngongole ya moyoyi ndi ya tonse awiri. Mwina mwini magaziyo mumapemphera naye.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi onse a pakhomo. Chiuta akusungeni. Mundiyankhe msanga, ndidziwe tsiku lotumiza ngolo kumsewu. Mukadzabwera tidzakuphereni mbuzi, nkhuku ija ili ndi mwini wake.

Ndine sebele wanu,
Bestone Zgambo