Payi wa Mbatata ndi Zipewa Zitatu

Lolemba, 16 Okutobala

Marquel, mdzukulu wanga, wayimba foni. Akuti Kochi Whitlow wamusankha kuti ayendetse mlendo kumapeto a sabata ino, kamnyamata ka ku Georgia kamene koleji ikufuna mu timu yake ya mpira wa basiketi. Dzina lake Dontay. Lamulungu adzadya kwa ine. Ndamufunsa, amasewera malo ati? Wati, "Malo anga, agogo, ogawa mpira."

Ha! Mdzukulu wanga wakhetsa thukuta zaka zitatu, chaka chamawa n'chomaliza, ndiye ine ndiphikire wodzamukhazika pa benchi? Mbuzi kunenepetsa fisi.

Lachitatu, 18 Okutobala

Ku phunziro la Baibulo, Baibulolo silinatsekulidwe n'komwe. Loretta, mayi mnzathu wa ku tchalitchi, wangoti foni m'mwamba, azimayi onse mitu pamodzi. "Odessa, tadzaona, Dontay uja amupatsa nyenyezi zinayi!" Nyenyezi zake n'zoyezera luso la wosewera. Marquel wanga anamupatsa ziwiri, palibe anakuwa. Ndasuzumira ndi diso limodzi. Miyendo ngati ya kakowa. Mphepo ya Januwale idzamunyamula n'kukamusiya kwawo.

Ndiye Loretta ndi kamwa lake lija: "Ngati nyamakazi yakuvuta, mlendoyo abwere kwanga. Paja payi wanga wa mbatata ndiye anapambana pa tchalitchi chaka chatha." Anapambana chifukwa woweruza anali mlamu wake. Ndati, "Zikomo mayi, uvuni wanga sunafe."

Lachisanu, 20 Okutobala

Ndakamuona Dontay akusewera ndi anyamata athu ku holo ya koleji. Ndinapita kukafuna chilema. Kumanja akupita, kumanzere akupita. Maso uku, mpira uko. Wamudutsa Marquel kawiri ngati akudutsa mpando, ndipo chitsiru changacho chikuseka n'kumamuombera m'manja. Chilema ndapeza chimodzi: amatafuna chingamu ngati ng'ombe yobzikula.

Mtima ukuwawa.

Loweruka, 21 Okutobala

Ndimati ndithire mchere m'payi, athawe akasaine kwina. Supuni inali kale m'manja. Koma nkhani ikafike kwa Loretta kuti payi wa Odessa anamusiya m'mbale? Ndingafe. Mchere ndabweza. Ndakagula batala weniweni.

Lamulungu, 22 Okutobala

Nkhuku yokazinga, makaroni a tchizi, masamba, chikondamoyo. Kakowa uja wadya mbale zitatu, sindikudziwa zikulowa kuti. "Inde mayi, zikomo mayi." Ulemu wake wotopetsa. Ndamuuza kuti kuno kumazizira, kochi amakalipa ngati galu womangidwa, tauni yake ilibe kanthu koma tchalitchi ndi manda. Iye payi ali m'kamwa: "Agogo, ameneyu mumaphika Lamulungu lililonse?"

Agogo! Agogo ako ndani?

Potsuka mbale Marquel wandinong'oneza. "Musamuthamangitse, agogo. Ndatopa n'kuonera mpikisano waukulu wa makoleji wa m'Malichi pa TV. Ameneyu akabwera tikafikako." Ndati, "Ukafikako uli pa benchi, utafunda thaulo." Wati, "Bola kufikako." Anatengera malemu agogo ake aamuna. Kufatsa kopusa.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Mbale ya payi yabwera yotsuka. Zotsala Dontay anapita nazo ku Georgia osapempha.

Lachinayi, 2 Novembala

Lero Dontay wasankha koleji. Taonera pa foni ya Loretta, azimayi asanu pa sofa imodzi. Zipewa zitatu patebulo, chilichonse cha koleji yake. Ine chamumtima: Ambuye, atenge chofiiracho, apite kutali. Dzanja lapita pa chofiira, lachisisita, kenako tswii, chobiriwira. Chathu.

Amufunsa chifukwa chake. "Kochi ndi wabwino, anyamata ndi abwino. Komanso agogo a Marquel ali ndi payi wa mbatata, anthu inu simukudziwa." Azimayi kukuwa, kundigwedeza mapewa ngati ndine ndaponya mpira. Loretta nkhope ngati wamwa viniga. Chokhacho n'chimene chandikoma.

Kunyumba ndakhala kukhitchini n'kumayang'ana uvuni. Mdzukulu wanga ndamukhazika pa benchi ndi manja angawa.

Lachisanu, 3 Novembala

Kochi Whitlow wayimba yekha, mawu ngati uchi. "Mayi Odessa, Lamulungu tili ndi mlendo wina, wodzabwera Marquel atamaliza. Mungatithandizenso?"

Ndati, amasewera malo ati?

"Ogawa mpira, ngati Dontay. Ena akuti kuposa Dontay."

Ndamuuza kuti mlendoyo abwere ndi njala. Mbatata ndagula kale. Batala, awiri.