Simbi ya Amayi Yalowa m'Mbiri

Okondedwa achimwene a Chikondi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ludzi tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi lomwe likuvutabe.

Loweruka tinapita kuboma, kunyumba yakale ija anaisandutsa yosungiramo zinthu zamakedzana. Anthu akakolola, kumeneko amaitana akuluakulu kudzakamba mbiri ya dera lathu, ndipo ulendo uno anasankha abambo. Anayamba bwino ndithu, kufotokoza za masiku amene boma lathuli linkatchedwa Fort Manning. Kenaka ananyamula simbi ya makala yomwe anakapereka okha kumeneko mwakachetechete.

"Iyi," anatero, "inkasita makabudula a mzungu woyamba kuno."

Amayi anadzambatuka, bondo ataliiwala. "Bambo a Chikondi, imeneyo ndi simbi yanga! Ndaifunafuna mpaka kunamizira aneba kuti aba!"

Abambo sanatekeseke. "Mwaona nokha," anauza anthu, "mwini wakenso ndi wamakedzana."

Anthu anaseka mpaka misozi. Amayi anangoikulunga m'chitenje n'kubwera nayo kunyumba, ndipo anenetsa kuti sidzakhudzanso chovala cha abambo.

Chonde muwaimbire amayi muwapepesere abambo. Kutchalitchi akupita ndi malaya okwinyika ngati atafunidwa ndi ng'ombe.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike